Galimoto ya mapaundi 10 miliyoni: ndi yomwe ija, kapena ndi ina?

M'chaka cha 1990, gogo wina wa zaka 85 adaitanidwa kubwalo lalikulu la milandu mumzinda wa London, ku England, kuti akaperekere umboni. Sudali mlandu wa malo, wa banja kapena wa chuma cha masiye ayi. Udali mlandu wa galimoto. Gogoyu, dzina lake Walter Hassan, adali makaniko wopuma pantchito, ndipo woweruza ankafuna kumva za ntchito yomwe iye adagwira ndi manja ake zaka 58 m'mbuyomo, akadali mnyamata wa mphamvu zake.

Galimoto yomwe inkakanganitsa anthuyo idali Bentley yampikisano, yodziwika ndi dzina loti Old Number One, ngati kunena kuti nkhalakale ya nambala wani. Mwini wake adali atagwirizana ndi kampani ina kuti ayigule pamtengo wa mapaundi 10 miliyoni. Mapepala adasainidwa, manja adagwirana. Koma ndalama isanatuluke, ogulawo adatembenuka. Adati galimoto yomwe akupatsidwayo si ija idapambana mipikisano mu 1929 ndi 1930, chifukwa zitsulo zake pafupifupi zonse zidasinthidwa kalekale.

Tisanapite patali, taganizirani khasu lomwe agogo anu adakusiyirani. Mpini udathyoka, bambo anu adasema wina. Patapita zaka chitsulo chidatha n'kulima, inu mudagula china n'kukhomera pampini womwewo. Lero mwana akakufunsani, mumayankha mosakayika kuti ili ndi khasu la agogo. Kodi mukunama? Nanga wina atafuna kuligula pamtengo wokwera chifukwa choti ndi la agogowo, ndiye kuti mukumubera? Funso lomweli ndi lomwe lidaimika maloya ndi akatswiri pamaso pa woweruza ku London, kungoti pamenepo padali ndalama zoti n'kumanga mudzi wonse.

Manja a amisiri, ndalama za kumigodi

Kampani ya Bentley idayamba mu 1919. Woyambitsa wake adali injiniya Walter Owen Bentley, yemwe anthu ankangomuti W.O., ndipo fakitale yake idali ku Cricklewood, chakumpoto kwa London. Magalimoto ake sankatuluka mwaunyinji ngati a masiku ano. Amisiri ankamanga imodziimodzi, akupala chitsulo ndi tupa mpaka chikhale bwino pamalo pake.

Kampaniyo inkapanga chimango chachitsulo chonyamula galimoto yonse, chomwe amakaniko amati chesisi, pamodzi ndi injini, magiya, mabuleki ndi mawilo. Bodi inkapangidwa kwina, ndi amisiri omwe luso lawo lidachokera pa kupanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ankakhoma matabwa n'kuwakuta ndi nsalu yolimba kapena malata opyapyala. Choncho kusintha bodi ya galimoto kudali ngati munthu kusintha malaya. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

W.O. luso adali nalo, koma thumba lidali lobooka. Mu 1926 kampani ili pafupi kugwa, padabwera mnyamata wolemera dzina lake Woolf Barnato, yemwe adathiramo ndalama zake n'kukhala wapampando. Chuma cha banja lake chidachokera kuno kummwera kwa Africa. Bambo ake, Barney Barnato, adachoka ku London ali mmphawi, adakalemera ndi diamondi ku Kimberley, kenako ndi golide ku Johannesburg, ku Joni komwe kuja agogo athu ambiri adakakhetsako thukuta m'migodi zaka zotsatira. Barney adamira m'nyanja mu 1897 atagwa m'sitima paulendo wopita ku England, Woolf asanakwanitse n'zaka ziwiri zomwe.

Woolf sadali bwana wongokhala muofesi. Adali dalaivala woopsa, ndipo adazunguliridwa ndi anyamata anzake olemera, okonda liwiro ndi madyerero, omwe manyuzipepala adawapatsa dzina loti Bentley Boys. Koma kuseri kwa anyamata otchukawa kudali ena ovala maovolosi, omwe zithunzi zawo sizinkatuluka m'nyuzipepala. Mmodzi mwa iwo adali Walter Hassan uja, yemwe anzake ankamuti Wally. Adalowa ntchito ku Bentley mu 1920 ali ndi zaka 15, ngati mwana wophunzira ntchito.

Usana ndi usiku ku Le Mans

Mpikisano womwe kampani iliyonse inkaulota udali wa ku Le Mans, m'dziko la France, womwe udayamba mu 1923 ndipo ukuchitikabe mpaka pano. Lamulo lake ndi losavuta kumva koma lovuta kukwaniritsa: magalimoto amazungulira njira imodzi kwa maola 24, usana ndi usiku, madalaivala akulandirana, ndipo yomwe yayenda mtunda wautali kuposa zonse ndiyo yapambana. Liwiro lokha silikwanira. Galimoto iyenera kupirira.

Mu 1929 Bentley idamanga galimoto yatsopano yampikisano ya mtundu wa Speed Six, ya injini ya malita 6 ndi theka. Nambala ya chesisi yake idali LB2332, ndipo nambala yapamsewu idali MT 3464. Idali chigalimoto chachitali, cholemera, chobangula ngati mkango. Anthu amasimba kuti Ettore Bugatti, wopanga magalimoto ang'onoang'ono opepuka ku France, ankanyoza ma Bentley kuti ndi malole othamanga kwambiri padziko lapansi.

Mu Juni chaka chimenecho, lole yonyozedwayo idaima pamzere ku Le Mans itapakidwa nambala 1. Oyendetsa adali Barnato ndi Henry Birkin. Pakutha pa maola 24 idali itayenda makilomita opitirira 2,840, ngati kuyenda mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe maulendo 9 osapuma, pamisewu ya masiku amenewo. Idapambana, ndipo ma Bentley ena atatu adatsatira pambuyo pake, kutenga malo onse anayi oyamba.

Miyezi iwiri pambuyo pake galimoto yomweyi idachita ngozi pampikisano wina pafupi ndi Belfast, ku Northern Ireland, ikuyendetsedwa ndi Glen Kidston. Adayibweza kufakitale, amisiri adachotsa zophwanyika n'kuika zatsopano. Palibe yemwe adaona chachilendo. Galimoto yampikisano siyisungidwa ngati mbale zam'kabati. Imaphwasulidwa mpikisano uliwonse ukatha, chomwe chatha chimatayidwa, chomwe chapezeka chabwino kuposa chakale chimaikidwapo.

Mu Juni 1930 idabwereranso ku Le Mans, Barnato akulandirana ndi Kidston. Ulendo uno padali mdani weniweni: Mercedes yoyera ya ku Germany, yoyendetsedwa ndi katswiri Rudolf Caracciola ndi mnzake Christian Werner. Ma Bentley adayithamangitsa osayipatsa mpata wopuma, mpaka pakati pausiku magetsi ake adafooka, batire idatha, n'kutuluka mumpikisano. Old Number One idapambananso, itayenda makilomita pafupifupi 2,930. Kwa Barnato uku kudali kupambana kwachitatu motsatizana, 1928, 1929 ndi 1930, pamaulendo atatu okha omwe adapikisanako. Adaona kuti zakwana, adasiya mipikisano, ndipo kampani nayo idatseka gulu lake lampikisano.

Tsoka silinunkha

Zikho zidadzaza kabati, koma ngongole nazo zidadzaza mabuku. Chuma cha dziko lonse chidali chitagwa kuyambira mu 1929, ndipo olemera omwe ankagula magalimoto odulawa adamanga zikwama zawo. Mu Julaye 1931 Barnato adakana kupitiriza kulipira ngongole za kampani, Bentley idagwa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kampani ya Rolls-Royce idayigula pamtengo wa mapaundi pafupifupi 125,000. Taonani kusiyana kwake: kampani yonse mapaundi 125,000 mu 1931, galimoto yake imodzi mapaundi 10 miliyoni mu 1990.

Old Number One idakhala ya Barnato payekha, ndipo Hassan adamutsatira kukhala makaniko wake. Ngakhale Barnato adasiya kuyendetsa pampikisano, ankabwereketsa galimotoyo kwa anzake kuti azikapikisana nayo ku Brooklands, bwalo lakonkire lomwe lidatsegulidwa mu 1907 pafupi ndi tauni ya Weybridge. Bwaloli lidali lozungulira, la makilomita oposa 4, ndipo m'makhota mwake konkire idamangidwa yotsetsereka ngati m'mbali mwa beseni, yokwera pafupifupi mamita 9. Galimoto yothamanga kwambiri inkayenda pamwamba penipeni, m'mphepete. Kuseri kwa mphepeteyo kudali phompho ndi mitengo.

Mu 1931 Jack Dunfee ndi Cyril Paul adapambana nayo mpikisano wa makilomita 800 pabwaloli, akuthamanga pafupifupi makilomita 190 pa ola. Koma konkire ya ku Brooklands idali yamabampu, ndipo chimango cha galimoto chidali chitatopa. Barnato adalamula Hassan kuti ayimangenso. Apa ndiye padagona nkhani yonse yomwe idadzavuta mu 1990. Hassan adatenga chimango chatsopano, cholimba, cha mtundu wina wa Bentley wa malita 4, n'kusamutsirapo ziwalo za galimoto yakale. Chaka chomwecho cha 1932 adachotsanso injini ija ya malita 6 ndi theka n'kuikapo ya malita 8. Bodi nayo idali yatsopano. Chimango china, injini ina, bodi ina, koma nambala ya chesisi ndi yapamsewu zomwe zija, mwini wake yemwe uja, ndipo aliyense pabwalo ankayitchula dzina lomwe lija.

Pa 24 Sepitembala 1932, pampikisano wa makilomita 800 womwewo, oyendetsa adali pachibale: Jack Dunfee ndi mng'ono wake Clive. Jack adayamba, kenako adapereka chiwongolero kwa mng'ono wakeyo. Clive akufuna kupitirira Bugatti ya Earl Howe pamwamba pakhota, akuthamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola, tayala limodzi lidatuluka m'mphepete mwa konkire. Galimoto idaomba mitengo, idamuponya pansi, iyo n'kugwera kuseri. Clive adafera pomwepo. Mkazi wake, Jane Baxter, katswiri wa zisudzo, adali m'gulu la oonerera. Jack sadapikisanenso.

Imfa idawasesa msanga anyamata omwe adayendetsa galimotoyi. Kidston adali atafa kale mu Meyi 1931, ndege yake itaphwasuka mumlengalenga m'mapiri a Drakensberg ku South Africa, patangopita masabata ochepa atauluka kuchokera ku England kukafika ku Cape Town m'masiku osakwana 7. Birkin adamwalira mu 1933. Barnato adamwalira mu 1948 ali ndi zaka 52, W.O. mu 1971. Wotsala adali wa ovolosi uja.

Moyo wachiwiri

Anthu ambiri omwe adaona ngoziyo, kapena kuwerenga za iyo, adakhulupirira kuti Old Number One idathera pamenepo, ndipo ena adalemba choncho. Koma zotsala zake zidakokedwa, Hassan adagwiranso masipanala. Adayimanganso, ulendo uno osati yampikisano koma yoyendera pamsewu, ya bodi yadenga. Barnato adayenda nayo kwa zaka zingapo, kenako mu 1936 adayigulitsa.

Kuyambira pamenepo idayamba moyo womwe galimoto iliyonse yakale imaudziwa: kuchoka m'manja awa kupita m'manja awo. Idadutsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mwini wina adachotsa bodi yadenga ija n'kuikapo yopanda denga, ya anthu awiri. Zaka zimenezo magalimoto akale ampikisano sadali chuma chodabwitsa ayi. Adali zoseweretsa za anthu okonda kudetsa manja Loweruka masana.

Zinthu zidasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anthu andalama ku Ulaya, America ndi Japan adayamba kugula magalimoto akale osati kuti aziyendetsa koma kuti adzagulitse mawa pamtengo woposa. Enzo Ferrari atamwalira mu Ogasiti 1988, mitengo ya magalimoto ake idapenga, ndipo idakoka mitengo ya magalimoto ena onse a mbiri. Nthawi imeneyi ndi yomwe Old Number One idafika m'manja mwa Edward Hubbard, wokonda ndi kusunga ma Bentley akale. Iye adayamba kuyibwezera m'maonekedwe omwe idali nawo ku Brooklands mu 1932.

Mu Epulo 1990 Hubbard adagwirizana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar, yomwe inkapanga magalimoto ku Nottingham ndi ndalama za mpondamatiki wina wa ku Japan. Mtengo udali mapaundi 10 miliyoni: 6.8 miliyoni ndalama zenizeni, ndipo 3.2 miliyoni katundu wa kampaniyo. Posakhalitsa ogulawo adakana kupitiriza, ponena kuti adafufuza n'kupeza kuti galimotoyo siyoyenera dzinalo. Nthawi yomweyo msika wa magalimoto akale udali utayamba kugwa. Hubbard adakamang'ala kukhoti kuti pangano likwaniritsidwe.

Kuwerenga mabawuti pamaso pa woweruza

Mlanduwo udamvedwa ndi woweruza Otton. Maloya a Middlebridge adaima pa chitsulo. Mfundo yawo idali yomveka kwa aliyense: tidalonjezedwa galimoto yomwe idapambana ku Le Mans kawiri; tiwonetseni chitsulo chomwe chidali ku Le Mans.

Ndipotu apa adali ndi pogwira. Michael Hay, katswiri wa mbiri ya ma Bentley akale yemwe adaitanidwa ndi mbali ya Hubbard yomwe, sadabise kanthu. Adauza khoti kuti pa galimoto ya mu 1929 palibe chomwe chidatsala, kupatula tizitsulo ting'onoting'ono tomwe sitingadziwike kuti ndi ta chaka chiti. Pa ya mu 1930 padatsala zinthu zitatu zokha: mtanda womwe pamakhala zopondera, chikhokho cha giyabokosi, ndi mtengo wa chiwongolero. Zambiri zomwe zidalipo, monga chimango, masipuling'i, mabuleki akumbuyo ndi injini ya malita 8, zidali za galimoto ija ya mu 1932. Abale, mapaundi 10 miliyoni pa zitsulo zitatu?

Koma Hay yemweyo adaonetsanso china. M'mabuku a kufakitale, momwe ankalemba ntchito iliyonse yomwe yagwiridwa pa galimoto, nambala ija LB2332 inkatsatika chaka ndi chaka. Sipadapezeke tsiku lomwe galimoto imodzi idatayidwa kudzala ndipo ina idayamba. Ziwalo zinkasinthidwa pang'onopang'ono, chatsopano chilichonse chikulowa pakati pa zakale.

Ku bwaloko kudafikanso Diana Barnato Walker, mwana wa Woolf Barnato, mayi woyendetsa ndege wotchuka yemwe mu 1963 adakhala mkazi woyamba wa ku Britain kuuluka mwaliwiro loposa la mawu. Tsiku la ngozi ija iye adali ku Brooklands, ali mtsikana wa zaka 14.

Kenako adaima gogo Hassan. Pofika nthawiyi sadalinso mwana wophunzira ntchito uja. Adali atathandiza kupanga injini zotchuka za Jaguar, komanso za Coventry Climax zomwe zidapambana mipikisano ya Formula One. Koma khoti lidamubweza ku galaja ya Barnato. Adafotokoza kuti mu 1932 sadauzidwe kuti apange galimoto yatsopano; adauzidwa kuti alimbitse Old Number One, ndipo ziwalo zambiri za galimoto yakale adazisamutsira pachimango chatsopanocho. Za ngozi ija adati bodi ndiyo idang'ambika, koma zitsulo zoyendetsa galimoto zidatsala zabwino, n'chifukwa chake kudali kotheka kuyimanganso. Kwa iye ndi kwa bwana wake, galimoto idali imodzi yomweyo kuyambira pachiyambi mpaka tsiku lomwe idagulitsidwa.

Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa adagonera zaka 58.

Chigamulo

Pa 27 Julaye 1990 woweruza Otton adapereka chigamulo. Pofuna mawu oyenera, adadalira maganizo a Denis Jenkinson, mtolankhani wa zamipikisano ya magalimoto yemwe adali atasiyanitsa magulu a magalimoto akale. Pali galimoto yomwe ili ndendende momwe idatulukira kwa oyipanga, ndipo pakati pa zampikisano yotere siyipezeka wamba, chifukwa ikangopikisana kamodzi china chake chimasinthidwa. Pali ina yomwe yakumana ndi zambiri, yasinthidwa apa ndi apo, koma siyidasowepo m'maso mwa anthu. Ndiye pali yongomangidwa dzulo motengera yakale, yopanda mbiri yakeyake.

Woweruzayo adavomereza poyera kuti galimoto ya Hubbard singatchedwe yoyambirira, ya zitsulo zomwe zija zidapambana mu 1929 kapena 1930. Ndipotu galimoto yotero kulibe, ndipo kudalibe ngakhale mu 1930 momwemo, pakuti yomwe idapambana chaka chimenecho idali kale ndi ziwalo zambiri zosiyana ndi za chaka cham'mbuyo. Koma adati mbiri yake ndi yosaduka. Ziwalo zatsopano zinkalowa pamlingo woti galimoto siyidataye umwini wa dzina lake, mwini wake woyamba ndi makaniko wake ankayiona ngati imodzi yomweyo, ndipo padziko lonse palibe Bentley ina, yomwe ilipo kapena yomwe idatha, yomwe ingalimbirane nayo dzinalo. Pangano lidanena za galimoto yodziwika kuti Old Number One, ndipo imeneyo ndi yomwe idali pamaso pa khoti. Hubbard adapambana.

Kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chaka chomwecho cha 1990 kampani ya Middlebridge Scimitar idagwa ndi ngongole, ndipo mitengo ya magalimoto akale idapitirira kutsika kwa zaka zingapo. Hassan adamwalira mu 1996. Galimoto ija ilipobe, ili m'manja mwa munthu wosunga magalimoto akale, ndipo nthawi zina imaonekera paziwonetsero. Chigamulo cha Otton mpaka lero chimatchulidwa paliponse pomwe anthu akukangana ngati galimoto yakale ili yeniyeni kapena yongopeka.

Chomwe chimagulidwa n'chiyani?

Si onse adakhutira nacho chigamulochi, ndipo dandaulo lawo si lopanda pake. Ngati mbiri yosaduka ndiyo imapereka dzina, nanga munthu wina atatola chimango chakale chomwe chidachotsedwa, ndi injini yakale yomwe idatayidwa, n'kuzimanga pamodzi? Galimoto yakeyo ingakhale ndi chitsulo chambiri cha ku Le Mans kuposa ya Hubbard. Kodi yeniyeni ingakhale iti? Mikangano yotere yachitikadi pa magalimoto ena ampikisano, pomwe awiri amapezeka ali ndi nambala imodzi ya chesisi, aliyense atamangidwa kuchokera ku zidutswa za galimoto imodzi yomwe idaphwanyika. Old Number One idapulumuka chifukwa padalibe mnzake wolimbirana naye, komanso chifukwa mboni yomwe idagwira sipanala idali ikadali moyo.

Pali chinanso chomwe chikuthandiza kumvetsa. Mu 2022 kampani ya Bentley, yomwe tsopano ili ku Crewe ndipo ili pansi pa Volkswagen kuyambira mu 1998, idalengeza kuti imanga ma Speed Six atsopano 12, ndi manja, potsata mapulani akale omwe aja. Ndi magalimoto okongola, olimba, ofanana ndi akale mpaka kabawuti. Koma palibe ngakhale imodzi mwa izo yomwe idathamangitsa Mercedes usiku ku Le Mans, palibe yomwe idagwera kuphompho ku Brooklands, palibe yomwe Hassan adagona pansi pake. Chitsulo chimapangidwanso. Zomwe chitsulo chidadutsamo sizipangidwanso.

Ndiye mukaonetsetsa, mapaundi 10 miliyoni aja sadali a chikhokho cha giyabokosi ndi mtengo wa chiwongolero. Adali a nkhani. Ndipo nkhaniyo eni galimoto sadali nayo m'thumba. Barnato adali nayo galimotoyo zaka zochepa, ena adayisunga n'kuyipereka kwa ena, Hubbard adangoyipeza kumapeto. Chomwe chidalumikiza onsewa ndi kalembera wa kufakitale yemwe sankatopa kulemba nambala m'buku, ndi makaniko yemwe ankakumbukira chomwe adachotsa ndi chomwe adasiya. Akadapanda awiriwa, khoti likadangoona mulu wa zitsulo za zaka zosiyanasiyana.

M'nyumba zambiri muli ka Old Number One kakekake. Mwina ndi njinga yomwe agogo adabwera nayo kuchokera ku Joni kapena ku Halale, yomwe matayala, tcheni, chishalo ndi mahandulo zidasinthidwa kambirimbiri. Mwina ndi makina osokera omwe adaphunzitsa ana onse sukulu. Palibe yemwe adzapereke mamiliyoni pa zimenezi, komabe pamaliro ndi pogawa katundu ndi zomwe zimadzetsa misozi ndi mapokoso, ndipo kawirikawiri yemwe akadatha kunena kuti chidabwera liti, adachigula ndani, adachipereka kwa yani, amakhala ndi yemwe wagona m'bokosiyo.

Khasu lija likadali pakhonde. Ngati yemwe adasema mpini wachiwiri akadali moyo, kokani mpando madzulo ano, mumufunse kuti woyamba udathyoka chaka chiti, m'munda uti, ndipo ankalima ndani. Mukatero mulembe penapake.